ULULU WA M'NTHITI: NYELETI YAKE ILASIDWE SIKANI IKUONA

M'makomboni a Kapata, Mchini, Magazine ndi Nabvutika muli anthu amene cifuwa cimawawawa mwezi ndi mwezi koma cipatala sicipeza kanthu. Makhololo apimidwa, TB palibe. Cifuwa cajambulidwa, mapapo ali bwino. Mtima ukugunda monga mwa masiku onse. Komabe munthuyo sagona, sabvala malaya othina, ndipo akati atsokomole amayamba wagwira kunthiti. Pakapita nthawi, a kunyumba amayamba kunena kuti ndi ulesi, kapena kuti pali dzanja la munthu.

Ambiri mwa anthu otere mapapo ndi mtima wao ziri bwinodi. Cimene cabvulala ndi mtsempha umene umayenda pansi pa nthiti. Matenda amenewa ali ndi mankhwala ake, ndipo ena mwa mankhwalawo ndi nyeleti imene dokotala amalasa pafupi ndi mtsemphawo akuyang'ana pa makina a sikani, omwe aja amene amayi apakati amawadziwa bwino. Nyeleti imeneyi iyenera kupezeka pa cipatala cacikulu ca cigawo ciriconse pa tsiku lodziwika, ndipo mabanja ayenera kuidziwa kuti aziifunsa. Koma woilasa akhale munthu wophunzira nchitoyo amene maso ake ali pa sikani, osati aliyense amene ali ndi sirinji m'thumba.

MTSEMPHA WA PANSI PA NTHITI

Munthu ali ndi nthiti 12 mbali iriyonse. Kunsi kwa nthiti iriyonse kuli kangalande, ndipo m'menemo mumayenda zinthu zitatu pamodzi: mitsempha iwiri ya magazi, ndi mtsempha umodzi wonga ulusi woyera umene umanyamula uthenga. Mtsempha wa uthengawu umacokera ku msana ndi kuzungulira m'mbali mpaka kutsogolo kwa cifuwa. Ndiwo umauza ubongo kuti khungu lakhudzidwa, lapsa kapena lalasidwa.

Nthambo ya magetsi ikasendeka imathetheka ngakhale palibe amene waigwira. Mtsempha wobvulala umacita cimodzimodzi. Umatumiza uthenga wa ululu ku ubongo pamene pakhungu palibe bala liri lonse. Ndico cifukwa cake cithunzi ca X-ray cimaturuka coyera: makinawo amaonetsa mafupa ndi mapapo, koma ulusi wa mtsempha sauonetsa.

Ululu wake uli ndi zizindikiro zake. Umatentha ngati makala, kapena umalasa mwadzidzidzi ngati munthu wagwira magetsi. Umakhala mbali imodzi, ndipo umayenda ngati lamba kucokera kumsana kubwera kutsogolo, osadumpha pakati pa cifuwa. Kawirikawiri khungu la pamalopo limakhala ladzanzi koma likuwawa nthawi yomweyo. Cinthu copepuka monga citenge, bulangeti, kamisolo kapena mphepo cimapweteka kuposa kukanikiza ndi cikhato. Wodwala amatha kuloza ndi cala njira yonse imene ululu umadutsa.

CIMENE CIMABVULAZA MTSEMPHAWU

Coyamba ndi mashingozi, matenda a matuza amene acipatala amati herpes zoster. Kacirombo kake ndi komwe kamadwalitsa ana nthomba ya katsabola. Mwana akacira, kacirombo sikacoka m'thupi. Kamabisala m'mizu ya mitsempha pafupi ndi msana kwa zaka zambiri. Thupi likafooka cifukwa ca ukalamba, shuga, khansa kapena HIV, kamadzuka ndi kutsata mtsempha umodzi mpaka pakhungu. Motero matuza amandandalika mbali imodzi, ndipo malo amene amakonda ndi pacifuwa ndi pamsana. Matuzawo amauma pa milungu iwiri kapena inayi. Koma mwa odwala 10 alionse, mmodzi kapena awiri amatsala ndi ululu umene umapitirira miyezi itatu, ena mpaka zaka, makamaka amene apyola zaka 50.

Kufufuza kwa ZAMPHIA kwa mu 2021 kunapeza kuti akulu 11 mwa 100 alionse m'Zambia ali ndi HIV. Tsono kuno mashingozi amagwiranso anthu a zaka 30 ndi 40, amene ndiwo amadyetsa mabanja. Sikuti aliyense wa mashingozi ali ndi HIV iyayi. Agogo ambiri amadwala cifukwa ca msinkhu cabe.

Caciwiri ndi opaleshoni. Madokotala akamatsegula cifuwa amakankha nthiti ndi citsulo kuti aone mkati, ndipo mtsempha umapanikizika. Pafupifupi theka la anthu otere amakhala akumvabe ululu patapita miyezi isanu ndi umodzi. Paipi imene amalowetsa pakati pa nthiti kuti icotse madzi, mafinya kapena magazi nayonso ikhoza kukhudza mtsempha. Amayi amene acotsedwa bere cifukwa ca khansa ali pa mzere womwewo, pakuti mtsempha wopita kukhwapa ndi mkati mwa mkono umadulidwa kapena kukokedwa. Mmodzi mwa asanu, kapena kuposerapo, amatsala ndi ululu wokhalitsa, ndipo ambiri amaopa kuti khansa yabweranso.

Cacitatu ndi kuthyoka kwa nthiti pa ngozi ya minibasi kapena njinga yamoto, kugwa pa denga, kupondedwa ndi ng'ombe, kulasidwa ndi mpeni kapena kumenyedwa m'nyumba. Nthiti imalumikizana pa milungu pafupifupi isanu ndi umodzi, koma mtsempha ukhoza kugwidwa m'cipsera ndi kupitiriza kuwawa fupa litacira kale. Cacinayi ndi khansa imene yafika m'nthiti zenizenizo.

MATENDA OOPSA AYAMBE APIMIDWA

Palibe munthu ayenera kudzipima yekha panyumba ndi kunena kuti bvuto lake ndi mtsempha. Ululu wolemera pakati pa cifuwa ngati munthu wakhalapo, wotsika ku mkono wamanzere kapena kukwera ku nsagwada, pamodzi ndi thukuta ndi befu, ukhoza kukhala wa mtima, ndipo wodwala apite ku cipatala ola lomwelo. Cilaso cobwera ndi kutentha thupi ndi kupuma mofulumira cikhoza kukhala cibayo. Kutsokomola kwa milungu iwiri, thukuta la usiku ndi kuonda zifuna kuti makhololo apimidwe. Wa HIV asadikire milungu iwiriyo.

Acipatala amacita bwino kuyamba ndi matenda amenewa, pakuti ndiwo amapha msanga. Colakwa cimabwera pambuyo pake. Zonse zikaturuka bwino, wodwala amauzidwa kuti alibe matenda, napatsidwa panado. Pamenepo mpamene pafunika mafunso ena atatu: kodi ululuwo umatentha kapena kulasa ngati magetsi, kodi uli mbali imodzi ngati lamba, ndipo kodi pamalopo panali matuza, opaleshoni kapena bala? Kuonjezera apo, kathonje kongokhudza pakhungu kamasonyeza ngati mtsempha wabvulala. Zimenezi sizifuna makina ndipo sizitha mphindi zisanu.

KUMENE NDALAMA ZA BANJA ZIMATHERA

Munthu amene cipatala camubweza sakhala pansi. Amayamba ndi kantemba, kugula diclofenac kapena brufen tsiku ndi tsiku. Mapiritsi amenewa amathandiza pa kutupa kwa minofu ndi mfundo, koma pa mtsempha wobvulala amathandiza pang'ono kwambiri. Akamwedwa miyezi yambiri amabweretsa zilonda za m'mimba ndipo amaononga impso. Wina amagula makapisozi a amoxicillin, amene nchito yao ndi kupha tizirombo tina, pamene iye alibe tizirombo timeneto. Wina amafika pa tramadol, ndipo posakhalitsa thupi limazolowera kotero kuti kuleka kumakhala matenda ena.

Zikakanika amapita kukatema mphini. Kutema pa khungu limene mtsempha wake ndi wobvulala kale kumangoonjezera zipsera, ndipo lezala limodzi likayenda pa anthu angapo limanyamula HIV ndi matenda a ciwindi a hepatitis B. Nkhani ikafika poti ndani walodza, ubale umatha pakati pa anthu amene anali kubwerekana mcere.

Coopsa kuposa zonse ndi adokotala a m'komboni, amene amalasa nyeleti m'cipinda ca kuseri kwa nyumba. Anthu amakhulupirira nyeleti kuposa mapiritsi, ndipo wodwala akaloza pamene pakuwawa, wina wolimba mtima akhoza kulasa pomwepo. Kuseri kwa mtsempha wa m'nthiti kuli phapo, ndipo mpata wake ndi mamilimita ocepa cabe. Nyeleti ikapitirira pang'ono imaboola kacikopa kokuta phapo, mpweya umalowa pamalo osayenera, ndipo phapo limaphwa ngati cubu ca njinga. Munthu wotere afuna cipatala msanga, ndipo wolasa uja alibe cocita.

MAPIRITSI OYENERA AMAYAMBA

Nyeleti ya sikani imabwera pambuyo pa mapiritsi. Amene dokotala amayamba nao kawirikawiri ndi amitriptyline, pang'ono cabe, usiku pogona. Mankhwalawa anapangidwira matenda a kukhumudwa, ndipo odwala ena akamva zimenezi amakwiya, poganiza kuti dokotala akuwayesa odwala mutu. Coona cake ndi cakuti pa muyeso wocepa amacepetsa uthenga wa ululu wocokera ku mtsempha. Sagwira nchito tsiku limodzi. Pafunika milungu iwiri kapena kuposerapo, ndipo poyamba amabweretsa tulo ndi kuuma m'kamwa. Okalamba ndi odwala mtima ayenera kumwa mosamala, dokotala akudziwa. Ena ndi gabapentin ndi pregabalin, amene amacititsa cizungulire, ndi okwera mtengo, ndipo muyeso wao umacepetsedwa kwa wodwala impso.

Kwa mashingozi amene angoturuka, nthawi ndiyo imalamula. Mapiritsi a acyclovir amathandiza kwambiri akayambidwa m'masiku atatu oyamba a matuza, ndipo amamwedwa kasanu pa tsiku kwa mlungu umodzi. Amafulumizitsa kuuma kwa matuza ndi kucepetsa ululu wa masiku amenewo. Amene amabisa matuza m'malaya poopa kunenedwa amataya masiku atatuwo.

Pali odwala amene mapiritsi sawakwanira, ndi ena amene sangapirire tulo ndi cizungulire, monga oyendetsa galimoto ndi ogwira nchito pa makina. Amenewa ndiwo afuna nyeleti.

M'MENE NYELETI YA SIKANI IMALASIDWIRA

Wodwala sagonekedwa tulo. Amakhala pansi atawerama, kapena amagona cam'mbali kapena cafufumimba. Khungu limatsukidwa ndi mankhwala. Dokotala amapaka mafuta oterera ndi kuika kamutu ka sikani pamsana kapena m'mbali. Pa galasi la makina, nthiti zimaoneka ngati timauta toyera tokhala ndi mthunzi wakuda kunsi. Pakati pa nthiti ziwiri pamaoneka mzere wowala umene umasuntha wodwala akamapuma. Mzere umenewo ndiwo kacikopa ka phapo, malire amene nyeleti siyenera kufika.

Dokotala amalowetsa nyeleti pang'onopang'ono akuona nsonga yake pa galasi. Akafika pafupi ndi mtsempha amaima, amakoka sirinji kuti aone ngati mulibe magazi, kenaka amathira mankhwala pang'ono ndi kuona m'mene akufalikira. Pa nthiti imodzi amathira mamililita atatu kapena asanu. Nchito yonse siitenga theka la ola, ndipo wodwala akayang'aniridwa kwa kanthawi amabwerera kunyumba tsiku lomwelo.

Mankhwala ake ndi ocititsa dzanzi, lignocaine kapena bupivacaine, a mtundu womwe uja umene amalasa pozula dzino. Kawirikawiri amasakaniza ndi mankhwala ocepetsa kutupa a gulu la steroid. Nyeleti yoyamba imagwira nchito ziwiri. Imapumitsa wodwala, ndiponso imayankha funso: ngati ululu wa miyezi yambiri watha m'mphindi zocepa mtsempha umodzi utacita dzanzi, ndiye kuti gwero la bvuto lapezeka. Kwa mayi amene anali kuopa kuti khansa yabwerera, kapena bambo amene anali kunenedwa ulesi, yankho limeneli lokha ndi lalikulu.

Kulasa mitsempha ya m'cifuwa si kwatsopano. Mu 1905 dokotala Hugo Sellheim anali atayamba kale kulasa pafupi ndi msana, pamene mitsempha imaturukira. Kwa zaka zambiri madokotala anali kulasa mongopapasa, kudalira cala ndi kugunda kwa nyeleti pa fupa. Mu 1994 madokotala a ku Vienna anafalitsa njira yolasa mitsempha ya mkono akuona pa sikani, ndipo njirayo inafalikira ku ziwalo zina. Mu 2011 ndi 2013 dokotala Rafael Blanco anafotokoza njira zothira mankhwala pakati pa minofu ya kutsogolo ndi ya m'mbali mwa cifuwa, zimene zimathandiza amayi a opaleshoni ya bere. Mu 2016 dokotala Mauricio Forero ndi anzake ku Canada anafotokoza njira yothira mankhwala pansi pa mnofu wa msana, nyeleti itaima pa fupa, kutali ndi phapo. Odwala oyamba amene anawathandiza nayo anali ndi ululu wa mitsempha ya m'nthiti womwewu, wina cifukwa ca khansa, wina cifukwa ca nthiti zothyoka zimene zinalumikizana molakwika.

M'zipatala zazikulu amalasanso akuona pa X-ray kapena pa CT. Koma makina amenewo ndi olemera, ndi odula, ndipo ali ndi ceza cimene sicifunika kucuruka m'thupi. Sikani iribe ceza cimeneco, imakankhidwa kufika pa bedi la wodwala, ndipo iripo kale m'zipatala za zigawo ndi za maboma ambiri.

ZIMENE NYELETI SINGACITE

Wina aliyense wolonjeza kuti nyeleti imodzi imaciritsa kotheratu akunama. Dzanzi la mankhwala limatha pa maola ocepa. Kwa odwala ena mpumulo umapitirira masiku, milungu kapena miyezi, cifukwa kutupa kwacepa ndipo mtsempha wapuma. Kwa ena ululu umabwerera tsiku lotsatira. Ululu wa mashingozi umene wakhala zaka ndiwo wobvuta kwambiri, ndipo pa umenewu nyeleti imathandiza ocepa. Kawirikawiri wofika msanga amapindula kuposa wocedwa.

Nyeleti ikhoza kubwerezedwa, koma osati kawirikawiri, cifukwa mankhwala a steroid akacuruka amafooketsa mafupa ndi citetezo ca thupi. Kumene kuli zipangizo, dokotala akhoza kutenthetsa mtsemphawo ndi nyeleti ya magetsi kapena kuuziziritsa kwambiri kuti ukhale cete miyezi ingapo. Kwa wodwala khansa imene yapita patali, amathirapo mankhwala opheratu mtsempha kuti masiku ake otsala akhale opepuka.

Ngozi nazonso ziripo, ngakhale sikani imazicepetsa kwambiri. Phapo likhoza kubooka. Mankhwala a dzanzi olasidwa m'nthiti amalowa m'magazi msanga kuposa pa malo ena, ndipo akacuruka amabweretsa dzanzi pamilomo, kulira kwa m'makutu, kukomoka, ngakhale kusokonezeka kwa mtima. Wodwala shuga, shuga wake amakwera kwa masiku angapo. Womwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin akhoza kukha magazi mkati. Ndico cifukwa cake malo olasirapo ayenera kukhala ndi mpweya wa oxygen, makina opimira BP, diripi ndi munthu wodziwa kutsitsimutsa wokomoka.

KODI DZIKO LOSAUKA LINGAKWANITSE?

Ena adzanena kuti cipatala ca cigawo ciri ndi amayi akutaya magazi pobereka, ana a malungo ndi anthu a ngozi za pa Great East Road, ndipo mankhwala sakwanira. Ululu supha, tsono udikire. Mau amenewa ali ndi nzeru, ndipo palibe amene angafune kuti mayi wa opaleshoni yadzidzidzi adikire cifukwa dokotala akulasa nthiti.

Koma wodwala amene sanathandizidwe samacoka pa mzere. Amabwera mwezi uliwonse, amajambulidwa X-ray yacitatu, makhololo apimidwanso, ndipo tsiku lina adzagonekedwa m'wodi akusanza magazi cifukwa ca diclofenac. Boma limalipira zonsezi. Kunyumba, wopalasa njinga yonyamula anthu, wokankha wilibala, wophwanya miyala ndi mayi wosenza dengu la tomato sangagwire nchito ndi nthiti zoyaka moto. Nchito ikaima, lendi ndi zofunika za ana kusukulu zimaimanso. Ndiponso sizoona konse kuti ululu supha. Wokalamba wothyoka nthiti amaopa kupuma mozama ndi kutsokomola, makhololo amadzaza m'mapapo, ndipo cibayo cimamutenga. Ena ululu wa zaka umawafikitsa poganiza zodzipha. Bungwe la World Health Organization linaika ululu wokhalitsa pa mndandanda wake wa matenda umene unayamba kugwira nchito mu 2022.

Zambia iri kale ndi dzina pa nkhani imeneyi. Mu 2015 ndiyo inatsogolera maiko pa msonkhano waukulu wa zaumoyo ku Geneva kubvomereza kuti opaleshoni ndi nchito yogoneka ndi kucititsa dzanzi odwala ndi mbali ya cithandizo coyenera munthu aliyense. Mu 2017 Unduna wa Zaumoyo unaturutsa pulani ya dziko ya nchito zimenezi. Kuyambira 2011 University of Zambia yakhala ikuphunzitsa madokotala akatswiri a nchito yogoneka odwala, ndipo kulasa mitsempha ndi mbali ya nchito yao. Mankhwala a lignocaine ndi bupivacaine ndi omwe amagwiritsidwa nchito tsiku ndi tsiku m'zipinda za opaleshoni. Motero zinthu zazikulu ziripo. Zotsala ndi zazing'ono: kamutu kafulati ka sikani koona zinthu za pafupi ndi khungu, pakuti kopimira mimba kanapangidwira kuona zakuya, maphunziro a manja kwa olasa, tsiku loikika, ndi kalata yotumizira wodwala kucokera ku kiliniki.

Ena adzadandaula kuti anthu okonda nyeleti akamva zimenezi adzadzaza cipatala, aliyense wa cifuwa akufuna kulasidwa. Yankho lake ndi dongosolo. Kiliniki ipime matenda oopsa, ifunse mafunso atatu aja, iyambe mapiritsi, ndipo itumize okhawo amene akhala milungu ingapo osapeza bwino. Cipatala cikakhala cete pa nkhaniyi, njala ya nyeleti siitha. Imangopita kwa adokotala a m'komboni.

Tsono Unduna wa Zaumoyo ucite zinthu zinayi. Cipatala cacikulu ca cigawo ciriconse cikhale ndi m'mawa umodzi pa mlungu wa odwala ululu wokhalitsa, ndipo tsikulo lilembedwe pa khoma la kiliniki iriyonse. Madokotala ndi ma clinical officer ogoneka odwala aphunzitsidwe kulasa ndi sikani pansi pa maso a katswiri, asanayambe okha. Mapiritsi a amitriptyline ndi acyclovir asamasowe m'makiliniki. Ndipo bungwe la NHIMA, limene antchito amadulidwa ndalama mwezi uliwonse, linene poyera m'zinenero za anthu kuti nyeleti imeneyi iripiridwa bwanji. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita oposa 550. Kukweza munthu wa nthiti zowawa pa basi ulendo wonsewo, ndi womuperekeza, cifukwa ca nchito ya theka la ola, ndi kumuuza kuti akhale kunyumba.

ZIMENE BANJA LINGACITE

Banja liyambe ndi kukhulupirira wodwala. Munthu amene akulira cifukwa bulangeti lamukhudza sakudzicititsa. Matuza akaturuka mbali imodzi ya thupi, apite ku kiliniki tsiku lomwelo, ndipo ngati sadziwa m'mene aliri ayezetse HIV ndi shuga, pakuti ma ARV ndi aulere m'zipatala za Boma. Matuza asapakidwe phulusa, mafuta a galimoto kapena mankhwala otsukira mano, ndipo mayi wapakati ndi khanda asawakhudze.

Popita ku cipatala wodwala anyamule khadi lake, zithunzi zakale ndi mapaketi a mankhwala onse amene akumwa, ngakhale a ku kantemba ndi acikuda. Afotokoze m'mene ululu umamvekera, aloze njira yake ndi cala, ndipo achule matuza, opaleshoni kapena ngozi ngakhale inali ya zaka zapitazo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ngati mapiritsi amwedwa mokhulupirika kwa mwezi umodzi kapena iwiri popanda kusintha, wodwala ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu ngati bvuto lingakhale la mtsempha, ndi kupempha kalata yopita kwa dokotala wogoneka odwala pa cipatala cacikulu.

Akafika polasidwa, afunse zinthu ziwiri: kodi adzalasidwa sikani ikuona, ndipo kodi pali mpweya pafupi ngati zinthu zabvuta? Wolasa aliyense woyenera amakhala wolembetsedwa ku Health Professions Council of Zambia ndipo sakwiya ndi mafunso otere. Pambuyo pa nyeleti wodwala asayendetse galimoto kapena njinga tsiku limenelo, ndipo alembe pa pepala maola kapena masiku amene ululu unacepa, pakuti dokotala adzadalira zimenezo posankha cotsatira. Akayamba befu kapena cilaso catsopano atafika kunyumba, abwerere ku cipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.